Ku Dubai ndinanyamula matemba ndi bodza



Ndiloleni ndifotokozeko za ulendo umene ndinayenda mu Januwale chaka cha 2024. Chibwerereni, anthu kuno ku Kachulu sandipatsa mpata. Pa doko, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, funso ndi limodzi: "Inu a ku Dubai, tatiuzani, n'zoona kuti kumeneko ndalama amachita kutola?" Ndimaseka n'kuwasimbira za nyumba zitalizitali ndi sitima yopanda dalaivala, poti n'zimene makutu awo amafuna. Zinazo ndimameza. Lero ndati ndizilembe, chifukwa pepala silidula munthu pakamwa.

Ine ntchito yanga ndi ya boti. Ndawolotsa anthu pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi kuyambira ndili mnyamata, zaka zambiri ndi nsungwi, posachedwapa ndi injini. Nyanja ya Chilwa ndimaidziwa ngati m'bale wovuta, woti lero akudyetsa, mawa wakuthawa osatsanzika. Imamwa madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, koma ilibe mtsinje wotulukira, ndipo ndi yosaya moti malo ambiri nsungwi imagunda pansi. Mvula ikangovuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa limaikombeza ngati mbale ya ndiwo. Malemu bambo anga ankasimba za kuuma kwa mu 1968. Ine ndi maso angawa ndinaona 1995, pamene tinkapita ku Chisi wapansi, njinga zikudutsa pomwe tinkatchera matchera. Mu 2012 inaphweranso, ndipo mu 2018 maboti athu anagona chammbali pa matope ong'aluka, mimba zili kudzuwa.

Chaka chimenecho ndi chimene mwana wanga wachisamba anachoka pakhomo. Anali atalemba mayeso a Fomu 4 n'kumandithandiza pa boti, koma boti lopanda madzi ndi nkhuni chabe. Anapita ku Blantyre kukasaka maganyu, ndipo mu 2019 anamva zoti ku mahotela a ku Dubai kukufunika anyamata odziwa kusambira, oti aziyang'anira alendo kuti asamire. Kusambirako anaphunzirira m'madzi amatope omwewa, ine ndikumuthamangitsa ndi kamtengo poopa likodzo. Zimene ndinkamukwapulirazo n'zimene zinamukwezetsa ndege. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mawu amenewa ndinkawabwereza kwa aliyense wondifunsa, monyadira ndithu.

Matenda a Covid atachepa, mu 2021 ndalama zinayamba kubwera mwezi ndi mwezi. Tinagwirizana pa foni kuti gawo lina likhale la chakudya cha pakhomo, lalikulu likhale la nyumba yake pa malo amene amalume ake anamudulira. Njerwa tinaumba ndi kuotcha, makoma anakwera mpaka pofolera. Kumapeto kwa 2022 anatumiza ndalama yathunthu ya malata 36, matabwa ndi misomali. Ine ndinati ndidikire kaye mvula ithe, poti msewu wathu wodzera pa Govala umavuta nthawi yadzinja.

Mvulayo sinathe mwaulemu. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mpunga unamira, nyumba ya mlongo wanga inagwa, nyanja inadzaza mpaka kumeza malo amene tinkayanikapo matemba. Kwa wa boti, nyanja yodzaza ndi mwayi, koma madzi atakwera chonchi nsungwi inayamba kulephera kugunda pansi, ndipo okwera onse ankathamangira maboti a injini. Mnzanga wina ankagulitsa injini yake yakale. Ndinawerengera ndi chala pa mchenga, n'kupeza kuti pa miyezi itatu ndikhala nditabweza. Ndinatenga ndalama ya malata ija.

Ndisanamizire Freddy zonse. Yotsala pa injiniyo ina inapita ku chimanga cha mlongo wanga ndi ku maliro awiri, koma ina ndinaimwaza ndi manja angawa chifukwa chokonda kutchedwa bambo wa mwana wa ku Dubai. Munthu akabwera ndi vuto, kukana kunkandichititsa manyazi. Mumtima ndinkati, kumene zikuchokera ndalamazi n'zambiri, atumizanso. Zimene injini inkapanga zinkalowera kuno n'kutulukira ku mafuta. Kenaka mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mtengo wa malata n'kuthawira kumene mkono wanga sukanafika.

Nthawi yonseyi mwanayo ankafunsa chithunzi cha malata. Nditasowa pothawira, ndinanyamuka ulendo wa ku Zomba n'kulowa m'sitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba. Ndinapempha mnyamata wogulitsa kuti andijambule nditaima pambali pa mulu wa malata, dzanja nditalisanjika pamwamba ngati anga. Ndinatumiza pa WhatsApp. Yankho linali lalifupi: "Zikomo ababa." Patatha milungu itatu anaimba foni kunena kuti ulendo uno sabwera kutchuthi, m'malo mwake wandigulira ine tikiti kuti ndikaone kumene amagwira ntchito. Pasipoti anali atandikakamiza kale kupangitsa. Ine ndinkaona ngati ndi mphoto.

Amayi ake anandimangira matemba ouma m'mapepala atatu a pulasitiki kuti fungo lisatuluke, ufa woyera ndi kampunga ka kuno. Ndinadzera pa Matawale, Zomba, Limbe mpaka ku Chileka, n'kukwera ndege ya Ethiopian Airlines yokasinthira ku Addis Ababa. Za mantha a m'ndege sindinena, aliyense wokwera koyamba ali ndi ake. Chimene sindidzaiwala ndi usiku uja tikuyandikira. Pansi panali mdima wa bii kwa nthawi yaitali, wopanda ngakhale kamoto ka mudzi, kenaka mwadzidzidzi magetsi, ngati wina wakhuthula mbaula ya makala oyaka kuyambira m'mphepete mwa nyanja mpaka kumene maso alekezera.

Pa bwalo la ndege ndinaima kutsogolo kwa masitepe oyenda okha mpaka anthu anayamba kundilambalala. Mwana wanga ndinamudutsa osamuzindikira. Anali atada bii, mapewa atatambasuka, maso ali psuu ngati munthu wotandala pa utsi wowamba nsomba. Iye ndiye anandigwira mkono, n'kulandira chikwama changa ndi manja awiri. "Mwafika, ababa. Mwaonda bwanji?" Ine ndinati ndi ulendo.

Anandipezera kachipinda ku Deira, dera lakale la mzindawu, pafupi ndi msika wa Naif kumene amalonda a ku Nigeria, Tanzania ndi Congo amapikula mafoni, nsapato ndi zovala. Tsiku loyamba lomwe, m'chikepe, ndinamva amayi awiri akukangana m'Chichewa za makilogalamu a katundu wawo. Ndinawapatsa moni, iwo n'kundifunsa ngati chikwama changa chidzakhale ndi malo pobwerera. Ndinadziwa kuti kwathu sikuli kutali kwenikweni.

Tsiku lake lopuma ananditengera kokaona zimene aliyense amakaona. Tinakwera sitima ya Metro, imene inayamba kuyenda mu 2009, ndipo ine ndinapita kutsogolo kwenikweni kukafuna woyendetsa, n'kupezako galasi lokha ndi ana akujambula. Tinaima pansi pa Burj Khalifa, nyumba yaitali kuposa zonse padziko lapansi, mamita 828. Mutaiimika pakati pa tauni ya Zomba, nsonga yake ingasuzumire Ku Chawe kuchokera pamwamba. Khosi linandiwawa. M'kati mwa Dubai Mall muli thanki yagalasi yaikulu ngati tchalitchi, yodzaza nsomba, zina zazitali ngati bwato, zongoonera, palibe wozidya. Ku msika wa golide zibangili zaunjikana m'mawindo ngati kaunjika wa pa Jali. Zonsezi ndinaziona, ndinadabwa, koma sizinandilowe mumtima. Zinali ngati kanema, woti ukatuluka panja umayamba kuganiza za ndiwo.

Kumene ndinachedwako pang'ono ndi ku msika wa nsomba wa Waterfront, ku Deira komweko. Nsomba zagona pa ayezi mizeremizere, pansi pakutsukidwa nthawi ndi nthawi, ntchentche ndinachita kuifuna koma osaiona. Ndinakumbukira amayi a kuno amene amathamanga ndi madengu a makumba ndi milamba dzuwa lisanakwere, chifukwa ikangokwana 10 koloko mtengo umayamba kutsika ndi fungo.

Koma chimene chinandisowetsa tulo ndi madzi. Dziko lija ndi mchenga wokhawokha, lilibe mtsinje ngakhale umodzi woyenda chaka chonse, ndipo mvula ya chaka chathunthu ndi mamilimita pafupifupi 100, imene kuno ikhoza kugwa sabata imodzi ya Januwale. Chonsecho m'mbali mwa misewu maluwa akuphuka, kapinga ali biriwiri. Ndinawerama kukanda pansi pa duwa lina n'kupeza kapaipi kakuda kakudonthezera pa tsinde lililonse. Madzulo pansi pa Burj Khalifa madzi amavina motsatira nyimbo, kuthovukira m'mwamba kuposa mtengo wa bulugama. Mwana wanga anandiuza kuti m'sitolo ina yaikulu muli kaphiri ka chipale chofewa koti anthu azisewerapo atavala majasi, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Madzi onsewa amachokera m'nyanja yamchere. Ku Jebel Ali kuli mafakitale aakulu amene usana ndi usiku amawiritsa ndi kusefa madzi a m'nyanja kuti mchere uchoke, pogwiritsa ntchito gasi. Ochokera m'zimbudzi ndi m'mabafa amawayeretsanso n'kuthirira maluwa aja. Ndinaganiza za mijigo ina ya kuno imene imatulutsa madzi a mchere oti sopo sachita thovu, ndi za anyamata a m'zimbowera amene amamwa madzi omwe akukhalapowo, kolera n'kumayambira pomwepo. Ife mitsinje yonse ija ndatchula, iwo ngakhale umodzi. Ena akamva izi amafulumira kunena kuti Amalawi ndife aulesi. Ine sindivomera. Munthu wokankha ndi nsungwi boti lodzaza matumba kuchoka ku Chisi si waulesi. Madzi a ku Dubai ndi ogula, dontho lililonse, ndipo pa dontho lililonse pali munthu wochokera kutali amene waimirira kuti lifike pamene lafikapo. Pa anthu khumi alionse okhala mumzinda uja, pafupifupi asanu ndi anayi ndi obwera.

Mmodzi wa oimirirawo ndi wanga. Hotela imene amagwirako ili pa Palm Jumeirah, chilumba chimene anachita kuchiunjika ndi mchenga wokumba pansi pa nyanja, n'kuchipanga ngati mtengo wa kanjedza. Mkulu wake wa pantchito anandilola kukhala pa mpando wa kumbali kwa ola limodzi. Dziwe losambiramo linali loyera moti ukanatha kuwerenga ndalama yachitsulo ili pansi. Mwana wanga anali pa mpando wautali, kabudula wofiira, wezulo m'khosi. Mutu wake unkangoyenda kumanzere, kumanja, kumanzere, osaima. Pa ola lonselo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi, poti saloledwa kuchotsa maso pamadzi. Mlendo wina anamuitana ndi kuliza zala kuti amupatsire thaulo, iye anangokweza dzanja kuitana mnzake, maso ali pa tiana tiwiri tosewera cha kozama. Ndinasuzumira pa pepala la mitengo n'kupeza kuti kapu ya tiyi pamalopo ndi yoposa zimene boti langa limandisiyira pa tsiku. Ndipo imeneyo inali nyengo yawo yozizira. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala kumatentha kupyola madigiri 40, moti boma limaletsa ntchito za padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana. Koma alendo amasambirabe, ndipo pamene pali wosambira payenera kukhala womuyang'anira.

Masiku ena amene iye anali kuntchito ndinkayendayenda ndekha ku Deira, ndipo tsiku lina mphuno inanditsogolera. Ndinamva fungo la dizilo, matope ndi matabwa onyowa, fungo la pa doko. Nditakhota ndinapeza mkono wa nyanja umene umalowa pakati pa mzinda, wotchedwa Dubai Creek, ndi timaboti tamatabwa totchedwa abra tikuwolotsa anthu pakati pa Deira ndi Bur Dubai. Mtengo wake ndi dirham imodzi, kandalama kachitsulo. Anthu pafupifupi 20 amakhala pa benchi atapatsana misana, woyendetsa ali m'kadzenje pakati pawo, ndipo ndalama amatolera anthu atakhala kale, monga momwe timachitira ife. Pofika pa doko amagunditsa mphuno ya boti mosanyengerera, n'kudikira kuti aliyense adumphe yekha. Tsiku limenelo ndinawoloka kasanu ndi kamodzi, popanda kumene ndinkapita.

Woyendetsa wina wa ku Pakistan, wa ndevu zaimvi ngati zanga, anazindikira kuti ndikungobwerezabwereza. Chizungu changa ndi chake zinali zotsimphina mofanana, choncho tinkalankhula ndi manja. Ndinamuonetsa pa foni chithunzi cha boti langa lili pa Kachulu. Anachikulitsa ndi zala mpaka injini inadzaza foni yonse, n'kugwedeza mutu kuti ndi yabwino, kenaka anandiloza pachifuwa kufunsa ngati ndi yangayanga. Ndinavomera ndi mutu. Pakhosi panandiuma.

Cha kumene mkonowu umakumana ndi nyanja yaikulu, ku Al Shindagha, kuli nyumba zakale zimene anazisandutsa zosungiramo mbiri ya mzindawu. M'menemo ndinaona zithunzi za Dubai wa makolo awo: nyumba za masamba a kanjedza, maboti amatabwa, maukonde oyanikidwa pa mchenga. Kupatula ngamila, ndikanati ndi doko lina la kuno. Anthu aja ankadalira nsomba ndi ngale. Amuna ankakhala panyanja miyezi inayi ya nyengo yotentha, kumira ndi mwala kumwendo ndi kopanira mphuno, kukatola nkhono za ngale pansi, ambiri ali ndi ngongole kwa eni maboti imene inkapitirira mpaka kwa ana awo. M'zaka za m'ma 1930 malondawo anafa, anthu a ku Japan atapeza njira yoweta ngale, ndipo kunagwa njala. Nyanja yawo inauma madzi ali momwemo. Anyamata anabalalikira ku Bahrain, Kuwait ndi Saudi Arabia kukagwira ntchito n'kumatumiza ndalama kwa makolo.

Mkono wa nyanjawu nawo unali ukukwiririka ndi mchenga, zombo zikulephera kulowa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mtsogoleri wawo, Sheikh Rashid bin Saeed Al Maktoum, anakongola ndalama n'kuukumbitsa, mafuta asanapezeke n'komwe, poti anapezeka mu 1966. Dziko la United Arab Emirates linakhazikitsidwa mu 1971, ife tili ndi zaka zisanu ndi ziwiri za ufulu. Ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi cha mkulu wina atakhala pakhomo la nyumba ya masamba, ndikudzifunsa ngati nayenso ankadya ndalama za mwana wake wa ku Kuwait.

Ndinakakamira kuti ndikaone kumene mwana wanga amagona. Anazemba masiku awiri, akuti n'kutali, akuti alendo salowa wamba, koma pa tsiku lake lopuma lachiwiri anapempha chilolezo n'kunditenga. Basi inatuluka mumzinda, nyumba zagalasi zinatha, maluwa anatha, kunatsala mchenga, mafakitale ndi midadada ya nyumba zofanana, zovala zitayanikidwa m'makonde. M'chipinda chawo muli mabedi osanjikizana atatu, anthu asanu ndi mmodzi: iye, wa ku Uganda, wa ku Kenya, wa ku Sri Lanka ndi awiri a ku Nepal. Malo akeake a mwana wanga m'dziko lija ndi bedi lam'mwamba, kabati imodzi yachitsulo ndi msomali wopachikapo thaulo. Sindikunena kuti ndi pauve kapena kuti akuzunzidwa, ayi. M'chipindamo muli makina oziziritsa, madzi satha, malipiro amabwera pa tsiku lake. Koma basi yantchito imanyamuka 5 koloko m'mawa n'kuwabweza kutada, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Atatsegula kabati kuti aikemo ufa, ndinaona kope la sukulu momwe amalemba ndalama iliyonse. Tsamba limene linali lotsegula linali ndi mawu akuti "Nyumba" pamwamba, pansi pake mizere ya miyezi ndi manambala. Chakumbali, ndi zilembo zing'onozing'ono, analemba zimene ankati adzachita ikadzatha: nsapato, dokotala wa mano.

Tinaphika nsima m'khitchini ya onse. Matemba aja atangogwa m'mafuta ndi tomato, fungo linadzaza khonde lonse, anthu n'kuyamba kusuzumira. Mwana wanga anadya osalankhula, mitanda inayi, thukuta lili kamukamu, kenaka anakombeza mbale ndi chala monga ankachitira ali wamng'ono. Mnzake wa ku Uganda anadya nafe. Ali mkati mosamba m'manja anandiuza m'Chizungu, mwansangala, kuti amandidziwa: ndine bambo wa pa chithunzi cha malata. Akuti usiku umene chinafika, mwana wanga anadzutsa chipinda chonse kuti aone. "Nyumba yatha tsopano?" anafunsa. Mwana wanga anayankha msanga kuti yatsala pang'ono, n'kunyamuka kukatsuka mapoto.

Madzulo ake ndinamupempha kuti tikakwere abra. Ndinkafuna pamadzi, poti pamtunda pa eni ake mawu sankatuluka. Dzuwa linali likulowa, misikiti ya mbali zonse ziwiri ikuitanira mapemphero, mbalame zoyera zikutsatira boti.

"Mwanawe, pali nkhani."

"Nenani, ababa."

"Malata aja kulibe. Ndalama ndinagulira injini, ina ndinadya. Chithunzi chija ndinajambulitsa m'sitolo ya eni."

Sanayankhe. Woyendetsa anatambasula dzanja, iye n'kulipira madirham awiri. Titafika ku Bur Dubai anthu onse anabalalika, iye anati tikwerenso. Tili pakati pamadzi kachiwiri m'pamene anatsegula pakamwa.

"Ndinkadziwa, ababa."

"Anakuuza ndi amayi ako?"

"Amayi sananene kanthu. Ndinafunsa mlongo wanga kuti malata mwasunga chipinda chiti, iye anangodula foni. Kenaka ndinaona kanema pa Facebook, boti lanu likuthamanga ndi injini."

Ndinayamba kufotokoza za Freddy, za azakhali ake, za kwacha. Anandisiya mpaka ndinatopa ndekha.

"Injiniyo sindikuidandaula. Mukanandiuza, bwenzi titagula yabwinopo. Chimene chimandiwawa n'choti munavala jekete lanu la kutchalitchi pokajambulitsa." Anakhala chete pang'ono. "Ndinkafuna chaka chino chikhale chomaliza, ndibwere ndidzakwatire, ndiyambe kabizinesi. Mwezi wathawu ndasayinanso zaka ziwiri."

Zaka ziwiri za mpando uja, mutu ukuyenda kumanzere ndi kumanja. Ndinamufunsa chifukwa chimene anawonongera ndalama ya tikiti pa munthu womunamiza, pamene ikanatha kugula malata onsewo. Anati pa foni akanangondikalipira, ndipo mwana sakalipira bambo ake. "Ndimafuna muone nokha." Ananenanso, mwaulemu wake womwewo, kuti kuyambira mwezi umenewo ndalama izifikira pa foni ya amayi ake. Kwa mwamuna wa msinkhu wanga mawu amenewo ndi olemera, koma ndinalibe pogwira. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinamufunse. Anandigulira tiyi wa mkaka pa kawindo kena ku Deira, tinamwa chiimire, iye n'kuthamangira basi yake yomaliza.

Ndinabwera ndi zimene ochokera ku Dubai amabwera nazo: mafuta onunkhira a amayi ake, zipatso za kanjedza, foni ya mlongo wake. Pa doko anandilandira ngati nduna. Kwa miyezi itatu mauthenga ake anali moni basi. Pa 16 Epulo chaka chomwecho ku Dubai kunagwa mvula yoposa ya chaka chathunthu tsiku limodzi, ndipo ananditumizira kanema wa magalimoto apamwamba atamira mumsewu mpaka m'mawindo. Pansi pake analemba kuti, "Ababa, bweretsani boti." Ndinaseka mpaka misozi, amayi ake n'kumadabwa kuti chachitika n'chiyani.

Injini ija ikugwirabe. Madzulo alionse ndikamangirira boti, ndisanagule kanthu kalikonse, ndimapatula kangachepe n'kukapereka kwa amayi ake. Zikakwana timagula lata limodzi kapena awiri ku Zomba n'kubwera nawo pa matola. Amasungidwa kuchipinda kwathu, kuseri kwa bedi. Pofika sabata yathayi akwana 23 mwa 36 aja. Wowerenga ndi amayi ake, ndipo chithunzi amajambula okha, ine nditatuluka panja.